Tikufuna kutenga mwana wa kudziko lina, tiyambire pati?

Nachisale: Moni nonse pagulu pano. Ndakhala ndikungowerenga osayankhula, koma lero ndabwera ndi yanga. Ine ndi bambo akunyumba tatha zaka 11 m'banja, mphatso ayi. Zakuchipatala tinayesa mpaka tinatopa nazo. Chaka chatha abambo anatumidwa ndi ntchito kudziko lina kwa miyezi isanu, ndipo Loweruka lililonse ankapita kukathandiza pamalo ena osungirako ana amasiye. Kumeneko kuli kamtsikana ka zaka zitatu kamene kanawazolowera zedi, kakangowaona kamathamanga n'kuwakakamira mwendo. Nditapita kukawaona nanenso ndinakanyamula, kanagona pachifuwa panga, ndipo chibwerereni mtima wanga sunakhale pansi. Pali bambo wina kumeneko, akuti amadziwana ndi akukhoti, watiuza kuti pa miyezi itatu zonse zikhoza kutheka, bola titumize theka la ndalama kuti ayambe kuyendetsa mapepala. Amene mukudziwa za kutenga mwana wa dziko lina mwalamulo, tiyambire pati? Amafuna chiyani?

Bambo Gondwe: Amayi, musatumize kaye ngakhale khobidi. Zina anzanga afotokoza, ine langa n'lomweli.

Mayi Nkhoma: Pepani amayi ndi ulendo wautali umene mwayenda. Ndinagwira ntchito ya chisamaliro cha ana zaka zambiri ndisanapume, ndipo malipoti a mabanja ofuna kutenga ana ndalembapo angapo. Ndikuuzani mosapsatira: mwayambira kumchira. Ambiri amaganiza kuti umayamba waona mwana, wamukonda, kenako n'kuyamba kusaka mapepala. Lamulo silimayenda choncho. Mumayamba ndi dziko limene inuyo mukukhala. Dzikolo liyenera kukufufuzani n'kunena kuti banja ili ndi loyenera kulera, komanso kuti mwana akabwera adzaloledwa kulowa ndi kukhazikika. Kenako dziko la mwanayo ndi limene limanena kuti mwana uyu n'ngomasuka kutengedwa, ndipo ndi iwo amene amaona kuti mwana uti apite kubanja liti. Inu simuloza chala.

Zimenezi zili m'pangano la mayiko lokhudza kutenga ana a kunja, lotchedwa pangano la ku Hague, la pa 29 Meyi 1993, limene linayamba kugwira ntchito mu 1995, ndipo mayiko oposa 100 analowamo. Dziko lililonse lolowamo limakhala ndi ofesi yaikulu ya boma yoona nkhani imeneyi, ndipo maofesi awiriwo ndi amene amalemberana. Wanu amatumiza lipoti la inu, wa uko amatumiza lipoti la mwana, onse awiri akavomereza ndi pamene mwana amaperekedwa m'manja mwanu. Choncho funso loyamba si lakuti ndalama zingati, koma lakuti dziko lanu ndi la mwanayo onse ali m'panganoli kapena ayi, ndipo la mwanayo likulolabe alendo kutenga ana?

Nachisale: Zikomo mayi. Koma mukati sitiloza chala, ndiye kuti kamtsikana kathuka sitingakatenge? Ife sitikufuna mwana wina aliyense, tikufuna ameneyo.

Mayi Nkhoma: Sindinanene kuti n'zosatheka, pali mayiko amene amalola ngati mwana ali pamndandanda wa ana osowa banja ndipo palibe wa m'dzikomo amene wamutenga. Koma n'kovuta, ndipo mawu oti "kathu" asungeni kaye. Panganoli limaletsa ngakhale kukumana pakati pa ofuna kutenga mwana ndi makolo ake kapena omusunga, mpaka zitatsimikizika kuti mwanayo n'ngomasuka ndipo chilolezo chaperekedwa, pokhapokha ngati ndi pachibale kapena boma lalola. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Mayi wosauka akaona mlendo wovala bwino atanyamula mwana wake, n'kumvanso kuti sukulu ilipiridwa, "ayi" amamuvuta kutchula.

Nabanda: Ine ndinadutsamo, ndilankhuleko. Ndimakhala ku America ndipo mnyamata wathu tinakamutenga ku Colombia ali ndi zaka zinayi. Kuyambira tsiku limene tinasaina pepala loyamba mpaka tsiku lotsika naye ndege panadutsa zaka zitatu ndi miyezi isanu. Ndiye wina akamati miyezi itatu, ine ndimangoti kaya.

Choyamba chinali kafukufuku wa pakhomo, kuno amati home study. Anabwera mayi wina ndi kabuku, katatu. Ine ndinali nditakolopa nyumba yonse mpaka kuseri kwa firiji, koma iye za fumbi analibe nazo ntchito. Anafunsa kumene timasunga mankhwala, anayesa ngati belu la utsi likulira, anaona chipinda chimene mwana adzagone. Kenako anatilekanitsa, ine pabalaza, abambo panja, n'kutifunsa aliyense payekha: mukakangana mumatani, makolo anu ankakulangani bwanji, za kusabereka munalira n'kumaliza kapena mukufuna mwana woti adzapukute misozi? Funso lomalizali linandipweteka sabata yathunthu. Pano ndimaona kuti linali lofunika kuposa ena onse.

Pambali pa zimenezo anafuna zidindo za zala, kalata ya kupolisi ya kulikonse kumene tinakhalako tili akuluakulu, kalata ya dokotala, umboni wa malipiro ndi msonkho, satifiketi ya ukwati, za kubadwa, makalata a anthu otichitira umboni, komanso maphunziro a kalereni ka mwana amene wadutsa m'zowawa. Zonsezo zinamasuliridwa m'Chisipanishi ndi kudindidwa chidindo chija amati apostille kuti dziko lina lizikhulupirire. Chosautsa n'chakuti mapepalawa amatha mphamvu. Zidindo za zala tinadinda kangapo chifukwa nthawi inkatha tikudikirabe, ngati kuti zala zasintha.

Chikondi M.: Achemwali Nabanda, zala zimasintha mukamachapa kwambiri 😂

Nabanda: Mwina n'zimene ankaganiza. Kuno fomu yoyamba ndi I-800A, yopempha kuti boma likuvomerezeni inuyo. Dzina la mwana mulibemo, chifukwa simunamudziwe. Akakupatsani mwana ndi pamene mumadzaza I-800, ndipo mwana amayenera kukhala wosakwana zaka 16, kupatula ngati mukutenga pamodzi ndi mbale wake. Wosakwatira kapena wosakwatiwa amayenera kukhala atakwana zaka 25. Chachikulu chimene anatichenjeza: musapite kukhoti la uko ofesi ya kazembe isanatulutse kalata yonena kuti mwanayo adzaloledwa kulowa. Mukadumpha pamenepo mukhoza kukhala ndi mwana amene ndi wanu m'dziko lake koma sangakwere nanu ndege.

Bambo Gondwe: Ndi zimene zinachitika ku Congo mwanjira ina. Mu Sepitembala 2013 boma la dzikolo (DRC) linasiya kupereka zilolezo zoti ana otengedwa atuluke m'dzikomo. Mabanja ambirimbiri anali ndi chigamulo cha khoti m'manja, ena ndi viza yomwe, koma ana anakhala komweko zaka zoposa ziwiri. Anthu amaiwala kuti zitseko n'zitatu: khoti, chilolezo chotuluka, ndi chilolezo cholowa kwanu. Bambo wa miyezi itatuyo, ngati ali ndi kiyi n'komwe, ndi wa chitseko chimodzi.

A Kamanga: Ine ndiyankhule zosakoma. Nkhani yonseyi ndi malonda basi. Pamene pali ndalama zambiri, ana amasiye amachuluka mwadzidzidzi. Ku Guatemala ana oposa 4,000 ankapita ku America pa chaka chimodzi, kadziko kakang'ono choncho, mpaka zinaululika kuti ena ankabedwa, ena ankagulidwa kwa amayi awo, ndipo mu 2008 zinaimitsidwa. Ku Chad mu 2007 anagwira anthu a bungwe la ku France lotchedwa L'Arche de Zoé akufuna kukweza ndege ana 103, amati ndi amasiye a ku Darfur, dera la ku Sudan, pamene ambiri anali a ku Chad komweko ndipo anali ndi makolo. Ku Haiti chivomerezi cha 2010 chitangochitika, anthu 10 a ku America anagwidwa pamalire ndi ana 33. Chikomekome cha mkuyu. Ngati mukufuna kulera, bwanji osayang'ana m'dziko limene mukukhala? Kulibe ana kumeneko?

Nabanda: A Kamanga, ndiye mukuti mwana wanga ndinachita kugula? Anakhala zaka ziwiri boma likufunafuna achibale ake, kenako banja la m'dziko lomwelo, osapezeka, chifukwa ali ndi vuto la kumva. Fayilo yake ndili nayo, masamba ake ndinawerenga onse ndikulira.

A Kamanga: Sindinatchule inu amayi. Ndikunena za msika wonse.

Nabanda: Mukati "nkhani yonseyi" ndiye kuti mwatchula ndi ine yemwe.

Woyang'anira gulu: Tiyeni tiziyankha funso la amayi Nachisale, tisalozane zala. Pitirizani.

Mayi Nkhoma: Onse awiri mukunena zoona, n'chifukwa chake mukupsetsana mtima. Zimene a Nabanda afotokoza, zoti boma linayamba lafuna achibale, kenako banja la m'dzikomo, kenako kunja, ndiye msana wa panganoli. Zilinso m'pangano la United Nations la ufulu wa ana la 1989, ndime 21: kupita kunja kumabwera pamene mwana sangasamalidwe moyenera m'dziko lake. Zimene a Kamanga anena ndi zimene zimachitika msanawo ukathyoka.

Ndikuuzeni chimene chinandisintha ine. Tsiku lina ndinaitanidwa kukamasulira pa nkhani ya mayi wina amene mwana wake anali atapita kale kunja. Anabwera atavala bwino, ali ndi kachikwama ka pulasitiki, m'menemo muli chithunzi cha mwanayo ataima pa chipale chofewa atavala jekete lalikulu. Pepala la chilolezo linali patebulo, chala chake chadindidwa bwinobwino, mboni ziwiri zasaina. Mwalamulo panalibe chokayikitsa. Titamaliza anandikokera pambali n'kundifunsa motsitsa mawu kuti, "Nanga sukulu yakeyo amatsekera liti, kuti abwere ku holide?" Iye ankadziwa kuti wapereka mwana kwa anthu achifundo kuti akamuphunzitse, monga umaperekera mwana kwa mbale amene ali ndi pogwira. Palibe anamuuza m'chilankhulo chake kuti dzina lisintha, kuti satifiketi ya kubadwa ilembedwanso, kuti pamaso pa lamulo iye salinso mayi. Usiku umenewo sindinagone.

N'chifukwa chake panganoli limati chilolezo chiperekedwe munthu atafotokozeredwa zotsatira zake, makamaka ngati ubale wake ndi mwana udulidwa, chisagulidwe ndi ndalama kapena mphatso, ndipo mayi asapereke mwana asanabadwe. Amayi Nachisale, funso limene simunalifunse ndi ili: kamtsikanako kanafika bwanji pamalopo? Ana ambiri okhala m'malo otere si amasiye enieni. Ali ndi mayi, bambo kapena agogo, anabwera chifukwa cha umphawi, matenda kapena sukulu.

Nachisale: Anatiuza kuti mayi ake anamwalira pobereka. Za bambo sananene. Kunena zoona sitinafunse kwambiri, tinangokhulupirira.

Mayi Nkhoma: Funsani. Satifiketi ya imfa ili kuti, anabwera naye ndani, alipo amene amabwera kudzamuona? Ndipo mufunse kuofesi ya boma, osati kwa bambo uja.

Achimwene Phiri: Pepani ndilowererepo ndi yanga, ikufananako. Ine ndimakhala ku Britain. Mchemwali wanga anamwalira chaka chatha, anasiya mwana wa zaka 7, ali kudziko lina ndi agogo ake amene akudwaladwala. Ameneyu ndi magazi anga enieni. Nanenso ndidutse zonsezi? Sindingangopita kukhoti la kumeneko n'kumulembetsa kuti ndi wanga?

Bambo Gondwe: Pepani ndi maliro achimwene. Koma inde, mudutsa. Panganoli siliyang'ana ubale kapena pasipoti imene muli nayo, limayang'ana kumene munthu akukhala mokhazikika. Ngati inu mumakhala dziko lina, mwana dziko lina, ndipo asamuka chifukwa cha kutengedwako, ndiye kuti ndi nkhani ya pakati pa mayiko, ngakhale mukhale malume ake. Ku Britain mumayenera kufufuzidwa kaye ndi khonsolo kapena bungwe lovomerezeka, kenako unduna wa zamaphunziro (Department for Education) umatulutsa satifiketi yonena kuti ndinu oyenera. Kulowetsa mwana womutenga kunja osadutsa njirayo ndi mlandu. Ali ndi mndandandanso wa mayiko amene anawaikira chiletso, monga Cambodia, Guatemala, Nepal, Haiti, Ethiopia ndi Nigeria. Onanani ndi loya wa zolowa ndi kutuluka musanapite kukhoti kulikonse, chifukwa kwa mwana wa mbale nthawi zina pamakhala njira ina yosakhala yomutenga kukhala wanu.

Achimwene Phiri: Ndimaganiza kuti zapachibale n'zachidule. Zikomo, mwanditsegula m'maso.

Tiyamike: Funso langa n'laling'ono. Zofunikazo n'zofanana kulikonse? Ine sindili pabanja.

Bambo Gondwe: Ayi, ndipo muyenera kukwaniritsa za mayiko onse awiri nthawi imodzi. India amalola munthu amene sali pabanja, koma mwamuna yekha sangatenge mwana wamkazi, ndipo okwatirana amafunika atakhala m'banja lokhazikika zaka ziwiri. Zonse zimadutsa ku bungwe lawo la boma lotchedwa CARA. Uganda anasintha lamulo mu 2016, mlendo amayenera kukhala m'dzikomo chaka chimodzi akulera mwanayo moyang'aniridwa. China mu 2007 inafika poika malire a kunenepa, BMI (muyeso wa kulemera poyerekeza ndi msinkhu) ikafika 40 basi munkalephera. Mayiko ambiri otsata malamulo a Chisilamu, monga Morocco, alibe kutenga mwana kosintha mzere wa makolo, ali ndi kafala, kumene umasunga ndi kulera mwana koma sasanduka wobadwa kwa iwe, ndipo dziko lanu likhoza kuvuta kumupatsa viza pa pepala limenelo. Ena amayang'ana kusiyana kwa zaka pakati pa inu ndi mwana, ena chipembedzo, ena chiwerengero cha ana amene muli nawo kale.

A Kamanga: Ndipo muwauze kuti zitseko zikutsekeka. Russia inaletsa anthu a ku America kuyambira Januwale 2013. Kenya inaimitsa mu 2014. Ethiopia, kumene kunkachokera ana ambiri zedi, nyumba ya malamulo inaletsa mu Januwale 2018. China inalengeza mu Sepitembala 2024 kuti yasiya, kupatula zapachibale, mabanja ena atapatsidwa kale zithunzi za ana. Ngakhale olandira akubwerera m'mbuyo, Netherlands inaimitsa mu 2021 kafukufuku atapeza zachinyengo za zaka zambiri. Ku America mu 2004 analandira ana oposa 22,000, mu 2023 sanafike ndi 1,500 omwe. Amenewa si maganizo anga.

Nabanda: Pamenepo sindikutsutsani. Ana amene akupezeka masiku ano ambiri ndi okulirapo, apachibale awiri kapena atatu osafunika kuwalekanitsa, kapena amene ali ndi vuto la thanzi. Wina akakulonjezani khanda lathanzi msangamsanga, thawani.

Ndiwonjezere za pambuyo, chifukwa anthu amaganiza kuti ukatsika ndege nkhani yatha. Ife tinakhala ku Colombia masabata angapo, poyamba kuzolowerana ndi mwana akutiyang'anira, kenako khoti, satifiketi yatsopano ya kubadwa, pasipoti, dokotala wa kazembe, viza. Titafika kunyumba mayi wa kabuku uja anapitiriza kubwera, kulemba malipoti otumiza kwawo kwa mwana. Miyezi yoyamba mnyamata wanga ankabisa chakudya pansi pa pilo. Ankakumbatira aliyense, ngakhale munthu wongokumana naye pamsewu, ndipo ine ndinkati ndi mwana wansangala. Anandifotokozera kuti ayi, mwana amene wasinthasintha omulera sadziwa kuti wake ndani, amagwira aliyense amene wayandikira. Amayi Nachisale, sindikufuna kukupwetekani, koma zoti kamathamangira abambo n'kuwagwira mwendo muzione ndi diso limenelonso.

Nachisale: Zandilasa, koma ndamva.

Bambo Gondwe: Musaiwalenso unzika. Chigamulo cha khoti si unzika. Ku America lamulo la 2000 linapangitsa kuti ana otengedwa kunja azikhala nzika mosavuta, koma amene anali atakwana kale zaka 18 pamene linayamba kugwira ntchito mu 2001 anatsala kunja. Alipo anthu amene anakulira kumeneko kuyambira ali makanda, makolo owatenga sanamalize mapepala, ndipo atapalamula ali akuluakulu anabwezedwa ku South Korea, dziko limene chilankhulo chake sachidziwa. Korea yomweyo inatumiza ana pafupifupi 200,000 kunja chichokereni nkhondo ya m'ma 1950, ndipo mu Malichi 2025 komiti ya boma yofufuza zakale inavomereza kuti panali mafayilo abodza, ana olembedwa kuti ndi amasiye makolo ali moyo. Ena mwa ana amenewo lero ndi anthu a imvi, akufunafuna amayi awo ndi mapepala olakwika m'manja. Sungani pepala lililonse loyambirira, ngakhale kakalata kolembedwa pamanja. Mwana adzafunsa.

Tiyamike: Nanga ndalama zimapita kuti, ngati kugula mwana n'koletsedwa?

Nabanda: Kafukufuku wa pakhomo, bungwe lokuyendetserani, omasulira, loya, khoti, zidindo, viza, ndege, malo ogona. Kuno zimakwana madola masauzande makumi angapo. Koma chilichonse chimakhala ndi dzina lake ndi lisiti, ndipo bungwe lovomerezeka limakupatsani mndandanda wa zolipira musanayambe. Ndalama yopita m'thumba la munthu kuti "afewetse" akukhoti, kapena mphatso kwa achibale a mwana, ikadzadziwika ikhoza kugwetsa nkhani yonse ngakhale mwana ali kale m'nyumba mwanu.

Mayi Nkhoma: Amayi Nachisale, mawa chitani izi. Imbani kuofesi ya boma yoona za kutenga ana m'dziko limene mukukhala, muwauze dziko la mwanayo, mufunse ngati amagwira nalo ntchito ndiponso mabungwe amene ali ndi chilolezo. Bambo ujayo mufunseni dzina la bungwe lake ndi nambala ya chilolezo, muone ayankha chiyani. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nachisale: Ndabweranso. Tachita monga munanenera. Bambo uja titamufunsa za chilolezo anayankha kuti zimenezo n'zochedwetsa, ndipo tikazengereza pali banja lina likufuna mwana yemweyo. Abambo anakwiya n'kudula foni. Kenako anaimbira mayi wina amene amaphikira ana pamalopo, ankagwirizana naye. Akuti mayi a mwanayo anamwaliradi. Koma kuli agogo ake aakazi, amabwera kumapeto kwa mwezi uliwonse, amayenda ulendo wautali, amakhala naye tsiku lonse pansi pa mtengo akumuluka tsitsi. Anamusiya pamenepo chifukwa analibe mkaka womupatsa ali khanda, ndipo amanena kuti akayamba sukulu adzamutenga. Abambo sanakumanepo nawo chifukwa agogowo amabwera mkati mwa sabata. Ndalira usiku wonse, sindikudziwa ngati ndikulirira ine kapena iwo.

A Kamanga: Pepani amayi. Ndinayankhula mokalipa tsiku lija.

Nabanda: Lirani amayi, palibe cholakwika. Mukapuma mundilembere kumbali, ndikuonetseni mmene tinayambira ife.

Nachisale: Ndikulemberani. Ofesi ya boma yatipatsa tsiku loti tipite kukamva zoyambirira, Lachinayi la sabata ya mawa. Mayi Nkhoma, agogo aja tikufuna tiwathandize kuti amutenge msanga mdzukulu wawo. Tidutse kwa ndani kuti ndalamayo isakathere m'manja mwa bambo uja?

Mayi Nkhoma: Osadzera pamalo osungira anawo, ndipo osapereka pamanja. Pezani ofesi ya chisamaliro cha ana ya dera limene agogowo amakhala, mufunse wogwira ntchito amene ali ndi fayilo ya mwanayo, ndipo zonse zilembedwe kuti ndi thandizo lobwezera mwana kwa achibale. Lachinayilo mukawauzenso a kwanuko kuti mukuchita zimenezi, zilowe mu lipoti lanu kuyambira pachiyambi.